MALICO

MALICO ndi mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi umene unakhazikitsidwa mu 2003. Nthawi imeneyo intaneti inali yodula komanso yochedwa zedi, moti munthu ankachita kutopa kudikira kuti tsamba limodzi litseguke. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la OSISA, mgwirizanowu unaimika madishi a VSAT, okoka intaneti kudzera pa setilaiti, ku Chancellor College ku Zomba, ku Bunda College, ku College of Medicine ku Blantyre ndi ku Mzuzu University. Ntchito ya MALICO yofunika koposa ndi yosonkherana: malaibulale amaphatikiza ndalama n'kulipirira limodzi magazini a kafukufuku a pa intaneti, amene laibulale imodzi payokha sikanawakwanitsa. National Library Service, yomwe imatumikira anthu wamba, nayonso ndi membala.