Amayi amene anakana kupasula bungwe lawo

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, lero ndati tichezeko za amayi a mpingo wa Universalist ku America. Mpingowu unkaphunzitsa kuti pamapeto pake Mulungu adzapulumutsa anthu onse, palibe wotayika mpaka kalekale.

Mu 1869 mpingo unachita msonkhano waukulu ku Buffalo. Unkakonzekera kukumbukira zaka 100 chifikireni mlaliki John Murray ku New Jersey mu 1770, ndipo pankafunika ndalama zambiri. Amayi anapanga bungwe loti lithandize kusonkha, lotchedwa Women's Centenary Aid Association. Mtsogoleri wawo anali Mayi Caroline Soule, amasiye amene ankalera ana awo ndi ndalama zopeza polemba nkhani ndi mabuku. Amayiwa anasonkhanitsa madola oposa 35,000.

Chikondwerero chinatha mu 1870. Apa ntchito imene anayambira inali itatha, kunangotsala kuthokozana n'kubalalika. Koma mu 1871 iwo anagwirizana kuti bungwe lisathe, ndipo ndalama zimene azisonkha aziyendetsa okha. Kwa ine, pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Taonani zimene zinatsatira. Anayamba ntchito ya umishonale ku Scotland, kumene Mayi Soule anadzozedwa ubusa mu 1880 natumikira ku Glasgow. Ku Japan ankathandiza Blackmer Home, nyumba yosungira atsikana ku Tokyo. Mu 1921 anagula nyumba ya ku North Oxford, Massachusetts, kumene anabadwira Clara Barton, mayi amene anayambitsa Red Cross ya ku America. Sanangoisandutsa malo okaona zakale ayi. Mu 1932, mogwirizana ndi dokotala Elliott Joslin, anatsegula pamalopo kampu ya atsikana odwala shuga, oti azikaphunzira kudzisamalira.

Dzina linasinthasintha. Mu 1939 linakhala Association of Universalist Women. Mu 1963 anaphatikizana ndi amayi a Unitarian, patapita zaka ziwiri mipingo yawo itagwirizana.

Ife pophunzitsa mbiri ya mipingo timakonda kutchula abusa ndi oyambitsa, ambiri mwa iwo amuna. Amene ankasunga thumba ndi kulemba maminitsi timawadumpha. Komatu wosunga thumba ndi amene amanena koti ndalama zipite. Amayiwa akanapereka madola awo aja n'kubwerera kunyumba, kodi atsikana odwala shuga aja akanakhala ndi kampu yawo?

Inu amene muli m'kalasi temu ino, mukamakonza phunziro la bungwe lililonse, muwafunse ana funso ili: ndalama ankasonkha ndani, ndipo ankaziyendetsa ndani?