Red (chimbale cha King Crimson)

Red ndi chimbale chachisanu ndi chiwiri chojambulidwa mu situdiyo cha King Crimson, gulu loimba nyimbo za rock la ku England. Chinatuluka mu Okutobala 1974 kudzera ku kampani ya Island Records ku Britain ndi ya Atlantic Records ku America. Muli nyimbo zisanu zokha, ndipo zonse pamodzi zimatenga mphindi pafupifupi 40. Chimbalechi chili m'chamba cha progressive rock, ndipo chimadziwika chifukwa chophatikiza maimbidwe aukali a magitala ndi ng'oma ndi maimbidwe ofatsa a zitoliro ndi mawu achisoni. Nthawi zambiri ukali ndi kufatsako zimapezeka m'nyimbo imodzi. Pamene chimbalechi chinkafika m'masitolo n'kuti gulu lomwe linachijambula litatha kale.

Chamba chake

Progressive rock inakula ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Oimba ake sankakhutira ndi nyimbo za mphindi zitatu zokhala ndi ndime ndi kolasi basi. Ankabwereka nzeru ku jazz ndi ku nyimbo za classical za ku Ulaya, n'kumapeka nyimbo zazitali za zigawo zingapo, zosinthasintha liwiro ndi kagundidwe. Magulu odziwika m'chambachi anali Yes, Genesis, Pink Floyd ndi Emerson, Lake & Palmer. Chimbale choyamba cha King Crimson, In the Court of the Crimson King cha mu 1969, chimawerengedwa pakati pa zimbale zimene zinatsegulira njira chamba chonsechi.

Mbiri ya gulu chimbalechi chisanajambulidwe

Oimba a King Crimson ankasinthasintha pafupipafupi, ndipo amene anakhalamo nthawi zonse ndi woimba gitala Robert Fripp yekha. Mu 1972 Fripp anasonkhanitsa gulu latsopano. Munali John Wetton, woimba gitala ya besi komanso mawu, amene anachokera ku gulu la Family. Bill Bruford, woimba ng'oma amene anasiya gulu la Yes pa nthawi imene linali kutchuka. David Cross, woimba vayolini. Ndi Jamie Muir, woimba ng'oma ndi zida zina zogogoda. Asanuwa anajambula Larks' Tongues in Aspic, chimene chinatuluka mu 1973. Chaka chomwecho Muir anachoka n'kukakhala ku nyumba ya amonke achibuda ku Scotland. Anayi otsalawo anatulutsa Starless and Bible Black kumayambiriro kwa 1974.

M'miyezi yotsatira gululi linayenda m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America. Pa nsanja, besi ya Wetton ndi ng'oma za Bruford zinkalira mwamphamvu kwambiri moti vayolini ya Cross inkasowa malo. Ulendowo unathera ku Central Park mumzinda wa New York pa 1 Julayi 1974, ndipo anzake a Cross anagwirizana zopitiriza popanda iye. Gulu limene linali la anthu asanu zaka ziwiri m'mbuyomo linatsala ndi atatu.

Kujambula

Ntchito yojambula inachitikira ku Olympic Studios mumzinda wa London mu Julayi ndi Ogasiti 1974. Gululi linadziyang'anira lokha, ndipo woyendetsa makina anali George Chkiantz. Pa nthawiyi mtima wa Fripp unali utayamba kuchoka pa zoimba. Iye anali atawerenga zolemba za J. G. Bennett, mphunzitsi wa za uzimu wa ku England, ndipo zinamugwedeza maganizo. Mu situdiyo anasankha kusanena maganizo ake pa zambiri, kotero kuti Wetton ndi Bruford ndi amene anatsogolera zosankha zochuluka.

Pofuna kudzaza mpata umene vayolini inasiya, atatuwa anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anajambula gitala kangapo n'kusanjikiza malirowo pamodzi, ndipo besi anaipatsa mawu osasa ndi okhuthala ngati a gitala yachiwiri. Ukali wa chimbalechi unachokera pamenepa. Chachiwiri, anaitana oimba zida zouzira amene anagwirapo ntchito ndi gululi m'zaka zoyambirira: Ian McDonald, mmodzi mwa amene anayambitsa King Crimson, ndi Mel Collins anaimba sakisofoni, Mark Charig anaimba lipenga la cornet, Robin Miller anaimba oboe, chitoliro cha mawu opyapyala. Alendowa, pamodzi ndi Mellotron, ndi amene anabweretsa mbali yofatsa. Mellotron ndi chida chooneka ngati limba: munthu akadina kiyi, mkati mumalira tepi yojambulidwa kale ya mavayolini kapena zitoliro kwa masekondi pafupifupi asanu ndi atatu.

Nyimbo

Chimbalechi chinatuluka pa mbale ya galamafoni ya mbali ziwiri. Mbali yoyamba ili ndi "Red", "Fallen Angel" ndi "One More Red Nightmare". Yachiwiri ili ndi "Providence" ndi "Starless".

"Red" ndi nyimbo yopanda mawu imene Fripp anapeka yekha. Imayamba ndi gitala yokwera pang'onopang'ono ngati munthu akukwera makwerero, kenako n'kugwera m'kachigawo kolemera kobwerezabwereza. Fripp anagwiritsa ntchito manoti amene akalira pamodzi khutu silipuma, mosiyana ndi manoti a blues amene magulu ambiri a rock yaukali ankadalira pa nthawiyo. Pakati pa nyimboyi ng'oma zimaleka ndipo pamalowa cello, chida chonga vayolini yaikulu, yoimbidwa ndi munthu amene dzina lake silinalembedwe pa chikuto. Kufatsa kwa pamenepa sikutonthoza. Kumangowonjezera mantha ukali usanabwererenso.

"Fallen Angel" imakamba za munthu wa ku New York amene mng'ono wake waphedwa ndi mpeni pa ndewu ya mumsewu. Mawu ake analemba ndi Richard Palmer-James, mnzake wakale wa Wetton amene ankalembera gululi mawu. Ndime zake ndi zofatsa, zoperekezedwa ndi gitala yopanda magetsi, oboe ndi Mellotron. Kolasi ikafika, gitala yamagetsi imalowa mwaukali ndipo lipenga la Charig limalira pamwamba pake ngati munthu wolira maliro. Nyimboyi imabwerera ku kufatsa kenako ku ukali, motsatana ndi chisoni ndi mkwiyo wa wofedwayo.

"One More Red Nightmare" ndi ya munthu woopa ndege amene akulota ndege ikugwa, koma podzidzimuka apeza kuti ali m'basi ya Greyhound. Mawu ake analemba ndi Wetton. Nyimboyi imakumbukika chifukwa cha ng'oma za Bruford, zimene zimayankha gitala m'mipata imene yasiya. Kulira kwachilendo kwachitsulo kumene kumamveka m'nyimboyi ndi kwa chinganga chopindika chimene Bruford anatola m'bini ya zinyalala ku malo ophunzirirako nyimbo. McDonald amaimba sakisofoni kwa nthawi yaitali kumapeto, ndipo nyimboyi imaduka mwadzidzidzi.

"Providence" sinajambulidwe mu situdiyo. Ndi zimene anayi aja anaimba pa nsanja, osakonzekera, ku Palace Theatre mumzinda wa Providence m'chigawo cha Rhode Island pa 30 Juni 1974, kutatsala tsiku limodzi kuti ulendo wawo uthe. N'chifukwa chake Cross akumvekamo ngakhale kuti anali atachoka pamene chimbalechi chinkakonzedwa. Imayamba ndi vayolini yokha, chapansipansi, ndipo zida zina zimalowa mozengereza mpaka besi ya Wetton itakula n'kuphimba zonse. Womvera amatha kudzimvera yekha vuto limene Cross ankakumana nalo pa nsanja.

Starless

Nyimbo yomaliza, ya mphindi zopitirira 12, ndi imene anthu ambiri amaiona ngati mtima wa chimbalechi. Wetton anaipeka poyamba kuti ikhale m'chimbale cha Starless and Bible Black, koma anzake sanaikonde. Pambuyo pake inakonzedwanso, inawonjezeredwa zigawo, ndipo gululi linaiimba pa ulendo wa 1974. Pa chikuto analembapo mayina a Cross, Fripp, Wetton, Bruford ndi Palmer-James monga eni ake.

Nyimboyi ili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi chofatsa kwambiri: Mellotron imayala mawu a mavayolini, gitala ya Fripp imaimba chuni chachikulu chimene kale chinkaimbidwa ndi vayolini ya Cross, ndipo Wetton amaimba ndime zitatu zachisoni, sakisofoni ya Collins ikumuyankha. Zikatha mphindi zoposa zinayi, mawu amaleka ndipo sabwereranso.

M'chigawo chachiwiri besi imayamba kachigawo kobwerezabwereza kowerengedwa ndi kugunda 13, pamene nyimbo zambiri za rock zimawerengedwa kanayikanayi. Pamwamba pake Fripp amangodina noti imodzi mobwereza, kenako n'kukwera pang'ono kupita ku ina, n'kuibwerezanso. Bruford amayamba ndi kugogoda timatabwa ndi tizitsulo, n'kumawonjezera mphamvu pang'ono ndi pang'ono. Kwa mphindi zingapo palibe chuni chatsopano, koma nyimbo imangokulirakulira mpaka womvera ayamba kudikira kuti iphulike.

Chigawo chachitatu ndi kuphulikako. Liwiro limakwera, sakisofoni ya McDonald imathamanga m'njira ya jazz, ndipo pomaliza chuni chofatsa cha pachiyambi chija chimabwerera, koma tsopano chitanyamulidwa ndi besi yaukali ndi ng'oma zamphamvu. Apa ndi pamene mbali ziwiri za chimbalechi zimakumana: chuni n'chomwecho, koma kulemera kwake kwasintha.

Chikuto

Kutsogolo kwa chikuto kuli nkhope za Wetton, Bruford ndi Fripp, mbali ina ili mumdima. Wojambula Gered Mankowitz anajambula aliyense payekha ndipo zithunzizo zinalumikizidwa pambuyo pake. Kuseri kuli chithunzi cha mita imene muvi wake wafika pa malo ofiira, kusonyeza kuti mphamvu yapyola muyeso. Dzina la chimbalechi, limene m'Chingelezi limatanthauza kufiira, likugwirizana ndi chithunzichi.

Kutha kwa gulu

Panali maganizo oti McDonald abwerere m'gululi kuti likhalenso la anthu anayi. Koma kumapeto kwa Seputembala 1974, chimbalechi chisanatuluke, Fripp analengeza kuti King Crimson yatha. Iye ankaona kuti nthawi ya magulu akuluakulu a rock yapita, ndipo chaka chotsatira anakalowa sukulu imene Bennett anakhazikitsa ku Sherborne ku England. Popeza panalibe gulu loti liyende kukachilengeza, chimbalechi chinangofika pa nambala 45 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain ndi pa nambala 66 ku America.

Wetton anaimbako ndi Roxy Music ndi Uriah Heep, anakumananso ndi Bruford m'gulu la U.K., kenako anatchuka kwambiri ndi gulu la Asia. Anamwalira mu Januwale 2017. McDonald anathandiza kuyambitsa gulu la Foreigner mu 1976, ndipo anamwalira mu Febuluwale 2022. Fripp ndi Bruford anautsanso King Crimson mu 1981 pamodzi ndi Adrian Belew ndi Tony Levin, koma ndi maimbidwe osiyana kwambiri.

Mbiri yake m'zaka zotsatira

Ulemu wa Red unakula patapita zaka. Nyimbo ya "Red", imene atatu aja sanaiimbepo pa nsanja, inakhala imodzi mwa nyimbo zakale zochepa zimene gulu la 1981 linkaimba. "Starless" inadikira zaka 40. Inabwerera pa nsanja mu 2014, Mel Collins atalowanso m'gululi. Mu 2018 inamveka kumayambiriro kwa filimu ya Mandy.

Oimba a progressive metal, chamba chimene chimaphatikiza ukali wa heavy metal ndi kapangidwe ka progressive rock, amatchula King Crimson ya zaka zimenezi ngati imodzi mwa mizu yawo. Gulu la Tool la ku America linayenda ulendo woimba pamodzi ndi King Crimson mu 2001. Chaka chomwecho magazini ya Q inaika Red pa mndandanda wa zimbale 50 zaukali koposa, ndipo mu 2015 magazini ya Rolling Stone inachiika pakati pa zimbale 50 zopambana za progressive rock. Mu 2009 chimbalechi chinatulukanso chitasakanizidwa mwatsopano ndi Steven Wilson wa gulu la Porcupine Tree mogwirizana ndi Fripp, ndipo mu 2013 kunatuluka bokosi la The Road to Red, lokhala ndi zimene gululi linaimba pa maulendo ake a ku America a mu 1974.

Oimba

Robert Fripp: gitala ndi Mellotron
John Wetton: gitala ya besi ndi mawu
Bill Bruford: ng'oma ndi zida zogogoda
David Cross: vayolini mu "Providence"
Ian McDonald: sakisofoni mu "One More Red Nightmare" ndi "Starless"
Mel Collins: sakisofoni mu "Starless"
Mark Charig: cornet mu "Fallen Angel"
Robin Miller: oboe mu "Fallen Angel"