Ana a ku Africa pa Chilumba cha Achinyamata

Kumwera kwa dziko la Cuba kuli chilumba chimene kale chinkatchedwa Isla de Pinos. Chilumbachi chinkadziwika ndi ndende yake yoopsa ya Presidio Modelo, momwe Fidel Castro anatsekeredwa kuyambira 1953 mpaka 1955. M'chaka cha 1978 boma la Cuba linasintha dzinali n'kulitcha Isla de la Juventud, kutanthauza Chilumba cha Achinyamata. Pa nthawiyo n'kuti ana zikwizikwi, a ku Cuba ndi a maiko ena, akuphunzira kumeneko.

Ana oyamba a ku Africa anafika m'chaka cha 1977 kuchokera ku Mozambique ndi Angola. Maiko awiriwa anali atangolandira ufulu mu 1975, koma Apwitikizi anawasiya opanda aphunzitsi ndi madokotala okwanira. Pambuyo pake panafika ana a ku Ethiopia, Ghana, Sudan ndi Burkina Faso. Panafikanso ana a ku Namibia amene anapulumuka pomwe asilikali a South Africa anaphulitsa msasa wa Cassinga pa 4 Meyi 1978. Ambiri mwa iwowa anafika ali amasiye.

Dziko lililonse linkapatsidwa sukulu zakezake zogonera konko, zomangidwa pakati pa minda ya manyumwa. Zina mwa sukulu za ana a ku Mozambique zinkatchedwa Samora Machel ndi Eduardo Mondlane. Tsiku linkagawidwa pawiri. Pamene gulu lina linali m'kalasi, linzake linali kumunda kupalira, kudulira mitengo kapena kuthyola zipatso. Dzuwa likapendeka ankasinthana. Aphunzitsi a ku Cuba ankaphunzitsa masamu ndi sayansi m'Chisipanishi, koma mbiri, jogalafe ndi chiyankhulo cha boma la kwawo zinali m'manja mwa aphunzitsi ochokera kwawo komweko. Apa atsogoleri anaganiza mwakuya, pakuti mwana wochoka pakhomo asanakhwime sachedwa kuiwala kumene unagwera mchombo wake.

Komabe moyowu sunali wofewa. Ana ambiri anakhala zaka zambiri osaona makolo awo. Kwa a ku Mozambique zinthu zinafika poipa chifukwa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inabalalitsa mabanja, kotero kuti kalata inkatha kutumizidwa kumudzi umene unali utasanduka bwinja. Uthenga wa imfa ya Pulezidenti Machel pa ngozi ya ndege mu Okutobala 1986 unawapeza ali kutsidya kwa nyanja komweko.

Chimene chinkawapepuza mtima chinali zikondwerero. Chachikulu pachilumbapo chinali Festival de la Toronja, chikondwerero cha manyumwa, chimene chinkachitikira mumzinda wa Nueva Gerona pothokoza zokolola. Misewu inkadzaza ndi oyimba, ovina ndi ogulitsa zakudya. Eni nthaka ankayimba sucu suco, nyimbo za alimi a pachilumbapo zimene wovina amakhwekhwereza mapazi pansi. Ana a ku Africa sanali oonerera chabe. Iwo ndiwo anali atathyola gawo la zipatsozo ndi manja awo, choncho ankalowa m'bwalo monga eni phwando, ali ndi ng'oma ndi magule a kwawo. Nawo anthu a ku Cuba ng'omazo sizinali zachilendo m'makutu mwawo, popeza makolo a ambiri mwa iwo anatengedwa ukapolo ku Africa.

Sukulu iliyonse inkakumbukiranso masiku a dziko lake. Pa 25 Juni ana a ku Mozambique ankakweza mbendera yawo, ndipo pa 26 Julaye ankasangalala limodzi ndi eni dziko pokumbukira chiyambi cha nkhondo ya Castro mu 1953.

Ntchitoyi inayamba kuzilala dziko la Soviet Union litagwa mu 1991. Cuba anataya bwenzi limene linkamugula zipatso ndi shuga, ndipo chakudya ndi mafuta zinasowa. Sukulu zinatsekedwa imodziimodzi. Ana a ku Namibia anali atayamba kale kubwerera, dziko lawo litalandira ufulu mu 1990. Ambiri a ku Sudan analibe kobwerera chifukwa cha nkhondo, ndipo ena anakathera ku Canada. Maphunziro a aphunzitsi a sayansi a ku Zimbabwe, amene anayamba pachilumbapo mu 1986, anasamutsidwira ku Bindura m'chaka cha 1996.