Khunyu, Moto ndi Ntchito

Ana inu a kwa Mnkhanya pamodzi ndi aphunzitsi anu, lero tibwerere m'mbuyo kutali ndithu. Cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe, Mfumu Hammurabi ya ku Babylon inaika lamulo lakuti munthu akagula kapolo, kapoloyo nagwa khunyu mwezi usanathe, wogulayo am'bweze kwa mwini wake nalandirenso ndalama zake. Taonani tsono, kuyambira kalekale munthu wa khunyu ankayesedwa wosayenera ntchito.

Aroma akale ankalavula malovu akaona munthu atagwa, poopa kuti angatenge nthendayo. Komatu cha m'ma 400 Khristu asanabadwe, buku la Agiriki lodziwika ndi dzina la Hippocrates linali litanena kale kuti khunyu imachokera mu ubongo, osati kwa mizimu. Anthu sanamve.

Mankhwala amene tikuwadziwa lero anapezeka mwamwayi. M'chaka cha 1912 dokotala wachinyamata, Alfred Hauptmann, ankagona pafupi ndi odwala khunyu m'chipatala cha ku Freiburg, dziko la Germany. Pofuna kuti odwalawo agone, nayenso apezeko tulo, anawapatsa phenobarbital. Anadabwa kuona kuti kugwa kunachepa, usiku ndi usana womwe. Mankhwala omwewo akuthandiza anthu kufikira lero, ndipo bungwe la WHO limati odwala 7 mwa 10 alionse angathe kuleka kugwa atalandira chithandizo choyenera.

Nanga kuno kwathu ku chigwa cha Luangwa? Ganizirani ntchito zathu. Amayi amaphika pa mafuwa, pansi penipeni. Asodzi amalowa m'madzi a Lupande. Anyamata amachezera m'munda, atasonkha moto, kulondera njovu. Kugwako pakokha kumatha m'mphindi zochepa. Chopweteka ndi moto kapena madzi amene munthuyo wagweramo. M'chaka cha 2000 Dokotala Gretchen Birbeck analemba za odwala khunyu a pa chipatala cha Chikankata, ku Chigawo cha Kumwera, ndipo pakati pa mavuto awo panali zilonda za moto. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zina abale amaimirira poteropo, kuopa thovu la m'kamwa, munthu ali kupsa. Awa ndi mantha omwe aja a Aroma.

Khunyu sipatsirana mwa kugwira munthu. Ena amayamba kugwa atadwala malungo a mu ubongo, ena anavulala m'mutu, ndipo ku Katete madokotala anapeza kuti ambiri ali ndi timphutsi ta njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba, timene tinakhazikika mu ubongo.

Tsono mnzanu akagwa, m'chotseni pamoto msanga. M'gonekeni chammbali, musaike kanthu m'kamwa mwake, ndipo akatsitsimuka mupite naye ku chipatala. Asaleke sukulu, asaleke kulima. Koma popita ku mtsinje kapena ku ulonda wa usiku, apite ndi mnzake wodziwa chochita.