Udzudzu Wofanana Maonekedwe Koma Wosiyana Khalidwe

Malungo amavuta kwambiri nthawi ya dzinja, pomwe manja akufunika kumunda. Mukagona sabata imodzi, munda umalowa tchire. Matendawa amafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, koma mkati mwa mtunduwu muli mitundu ina yofanana kwambiri moti ngakhale katswiri woyang'ana pa makina okuza zinthu sangaisiyanitse. Zili ngati mbewu za chimanga: m'manja zimaoneka chimodzimodzi, koma kumunda ina imacha msanga, ina mochedwa.

Mitundu itatu yofalitsa malungo m'Malawi

- Anopheles gambiae: umakonda magazi a munthu, umaluma ndi kupumira m'nyumba. Umaswana m'tizithaphwi towombedwa ndi dzuwa.
- Anopheles arabiensis: umafanana ndi gambiae, koma umaluma anthu ndi ng'ombe zomwe, ndipo nthawi zambiri umapumira panja. Umapezeka m'minda ya mpunga, m'mapondero a ng'ombe ndi m'maenje a njerwa.
- Anopheles funestus: umaswana m'madambo ndi m'madzi osaphwa okhala ndi udzu, choncho umafalitsa malungo ngakhale mvula itasiya.

Mitunduyi ili ndi abale ake ofanana nayo omwe amakonda ziweto. Mwachitsanzo, Anopheles quadriannulatus umaoneka ngati gambiae koma safalitsa malungo.

Akatswiri amausiyanitsa bwanji?

Chamoyo chilichonse chili ndi chizindikiro cha chibadwa m'thupi mwake, chotchedwa DNA. Akatswiri amagwira udzudzu m'nyumba ndi m'makola, nthawi zambiri ndi misampha ya nyali yomwe amatchera usiku. Akafika nawo kulabotale, mwendo umodzi wa udzudzu ndi wokwanira. Amachotsamo DNA, kenaka makina amachulukitsa kachigawo kake kambirimbiri mpaka kuoneka ngati kamzere. Mtundu uliwonse umatulutsa kamzere pamalo akeake. Njirayi imatchedwa PCR, ndipo ya banja la gambiae idafalitsidwa mu 1993, ya funestus mu 2002.

N'chifukwa chiyani izi zikukukhudzani?

Chida chomwe chimagwira mtundu wina sichigwira mtundu uliwonse. Neti ndi kupopera makoma zimathana bwino ndi udzudzu wa m'nyumba, koma arabiensis wina amapulumuka poluma ng'ombe panja. Komanso mitundu imasiyana pa kupirira mankhwala. Ku South Africa, mu 1996 adasiya kupopera DDT n'kuyamba mankhwala a gulu la pyrethroid. Funestus wosamva mankhwala atsopanowo adabwerera, malungo adachuluka, ndipo mu 2000 adayambiranso DDT. Kuno kwathu, funestus wosamva pyrethroid adapezekanso m'madera monga Chikwawa. Kudziwa mtundu womwe uli m'dera kumathandiza azaumoyo kusankha neti ndi mankhwala oyenera.

Zoyenera kuchita

1. Gonani mu neti usiku uliwonse chaka chonse, ngakhale ku msasa wa kumunda.
2. Kwirirani maenje a njerwa ndipo lambulani ngalande za mthirira kuti madzi aziyenda.
3. Musapopere mankhwala a mbewu m'nyumba, ndipo kumunda tsatirani mlingo wake. Kuwaza mwachisawawa kumathandiza udzudzu kuzolowera mankhwala.
4. Azaumoyo akabwera kudzatchera misampha, alandireni ndipo musazimitse nyali yake.
5. Thupi likatentha, pitani kukayezetsa tsiku lomwelo.

Alimi otsogola, kambiranani uthengawu ndi anzanu pa misonkhano ya kalabu, mvula isanayambe.