Msewu Umene Udathera Panjira

Munthu amene akuyenda pa galimoto mumzinda wa Toronto, m'dziko la Canada, kuchokera kumpoto kulowera kummwera pa msewu wotchedwa Allen Road, amaona chinthu chodabwitsa. Msewuwu ndi wotakasuka bwino, ndipo pakati pake pamadutsa njanji. Koma ukafika pamene umakumana ndi msewu wa Eglinton, umangothera pomwepo ngati chingwe chodulidwa ndi mpeni. Galimoto zonse zimayenera kukhota, zina kumanja zina kumanzere, pakuti kutsogolo kuli nyumba za anthu ndi mitengo. Msewu umenewu, womwe poyamba unkatchedwa Spadina Expressway, udakonzedwa kuti ukafike pakati penipeni pa mzinda. Chimene chidauimitsa ndi mkangano wa pakati pa anthu a mzinda umodzi, ena oufuna ndi mtima wonse, ena ouopa kwambiri. Mbiri ya mkanganowu ikuonetsa zimene zimachitika ntchito yaikulu ikayambika anthu amene idzawakhudze asanamvedwe.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha m'chaka cha 1945, mzinda wa Toronto udayamba kukula mofulumira. Asilikali obwera kunkhondo adakwatira ndi kuyamba kufuna nyumba zawozawo. Anthu ambirimbiri ochokera ku maiko a ku Ulaya, monga Britain ndi Italy, adafikanso kudzafuna ntchito. M'kati mwa mzinda malo adachepa, choncho omanga nyumba adayamba kugula minda ya alimi a m'mphepete mwa mzindawo. Dera lina lomwe lidasintha kwambiri ndi la North York, chakumpoto kwa Toronto. M'chaka cha 1951 deralo lidali ndi anthu pafupifupi 86,000, koma pofika 1971 chiwerengero chawo chidapitirira 500,000. Pamene kale pankadya ng'ombe padadzaza nyumba, sukulu ndi masitolo.

Kukula kotereku kudabwera ndi mavuto ake. Madera atsopanowo ankasowa madzi okwanira, mipope yotayira zonyansa ndiponso misewu yabwino, ndipo makhonsolo awo ang'onoang'ono sakadatha kulipira zonsezi paokha. Pofuna kuthetsa vutoli, boma la chigawo cha Ontario lidakhazikitsa khonsolo yaikulu yotchedwa Metropolitan Toronto, imene idayamba ntchito m'chaka cha 1954. Khonsoloyi idaphatikiza mzinda wa Toronto ndi madera 12 ouzungulira pa ntchito zikuluzikulu. Wapampando wake woyamba, Frederick Gardiner, adali munthu wokonda kuona ntchito ikuyenda, ndipo m'nthawi yake mudayambika misewu ikuluikulu iwiri, wa Gardiner Expressway m'mbali mwa nyanja ya Ontario ndi wa Don Valley Parkway chakummawa.

Akatswiri okonza mapulani a khonsoloyi ankaona kuti mbali ya kumpoto chakumadzulo ilibe njira yachidule yolowera mumzinda. Poyamba maganizo adali ongotalikitsa msewu wakale wa Spadina kuti ufike kumadera atsopanowo. Koma m'kupita kwa zaka chikonzerocho chidakula, mpaka chidasanduka cha msewu waukulu wa galimoto zothamanga, wopanda mphambano zoimapo. Msewuwo unkayenera kuyambira kumpoto kwa msewu waukulu wa 401, kutsika kudzera m'makwawa awiri a mitengo yambiri, la Cedarvale ndi la Nordheimer, kudutsa pafupi ndi nyumba yotchuka ya Casa Loma, kenaka kulowa m'dera lakale la Annex mpaka kufika pafupi ndi sukulu yaukachenjede ya Toronto. Papepala udali mzere umodzi wooneka bwino. Pansi, mzere womwewo unkadutsa m'zipinda zogona za anthu, m'mabwalo osewerera ana ndi m'nkhalango zomwe anthu ankapitako kukapuma.

Khonsolo idavomereza chikonzerochi m'chaka cha 1962, pamene wapampando adali William Allen, ndipo ntchito idayamba mu 1963. Omanga adayambira kumpoto, kumene malo ambiri adali apululu ndipo odandaula adali ochepa. Kumeneko kunkamangidwanso msika waukulu wa masitolo wa Yorkdale, umene udatsegulidwa mu 1964, ndipo eni ake ankadalira msewu watsopanowo kuti uziwabweretsera ogula. Pofika 1966 gawo loyamba, lochokera ku Wilson kukafika ku msewu wa Lawrence, lidali litatsegulidwa. Kenaka nyumba zambiri za pakati pa Lawrence ndi Eglinton zidagwetsedwa, ndipo padakumbidwa chimngalande chachikulu chotalika makilomita awiri. Kuyambira kumpoto kudali ndi zotsatira zake pa mkangano umene unkabwera, pakuti tsopano ofuna msewu ankatha kunena kuti ndalama zambiri zalowa kale, kotero kuti kuleka kukadakhala kuzitaya pachabe.

Si bwino kuganiza kuti anthu ofuna msewuwo adali ouma mtima. Bambo wa ku North York amene ankagwira ntchito pakati pa mzinda ankataya nthawi yambiri tsiku ndi tsiku ali pamdipiti wa galimoto, m'misewu yopapatiza imene idamangidwa m'nthawi ya ngolo za akavalo. Mabasi a kumaderawo adali apatalipatali, ndipo njanji ya pansi pa nthaka, yomwe idatsegulidwa mu 1954, inkathera pa Eglinton, kutali ndi kwawo. Ambiri mwa anthuwo adagula nyumba zawo atamva kuti msewu ukubwera, ndipo ankakhoma msonkho wolipirira ntchitoyo. Kwa iwo msewuwo lidali lonjezo limene boma linkayenera kukwaniritsa.

Komabe anthu a kummwera ankaona zina. Dera la Annex lidali ndi nyumba zanjerwa zomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo munkakhala mabanja, ophunzira ndi aphunzitsi a kusukulu yaukachenjede. Iwo ankanena kuti msewuwo udzagwetsa nyumba zambiri, udzadula dera lawo pakati, ndipo otsala adzakhala m'phokoso ndi mu utsi usana ndi usiku. Adafunsanso funso lomwe linkavuta kuyankha: kodi galimoto zikwizikwi zikadzafika pakati pa mzinda zidzaima kuti? Mmene iwo ankaonera, msewu umodzi ukadafuna malo ambiri oimikapo galimoto ndiponso misewu ina yolandira galimotozo, ndipo iliyonse ikadagwetsa nyumba zinanso. Mantha awo sadali opanda maziko, pakuti mapulani a khonsolo adali kale ndi msewu wina wotchedwa Crosstown, woti udzadutse mopingasa kuchokera kumadzulo kupita kummawa.

M'chaka cha 1968 mudafika ku Annex mayi wina wochokera ku New York, dzina lake Jane Jacobs. Mayiyu adali atatchuka kale chifukwa cha buku lake la mu 1961, lotchedwa The Death and Life of Great American Cities, komanso chifukwa chotsogolera anthu okana msewu wotere ku Manhattan. Atafika adapeza kuti dera lake latsopano nalonso lili panjira ya msewu. Mu 1969 anthu okana adapanga gulu lotchedwa Stop Spadina Save Our City Coordinating Committee, ndipo Jacobs adali mmodzi wa mawu ake amphamvu. Mphunzitsi wotchuka Marshall McLuhan adawathandiza. David Nowlan, katswiri wa zachuma, pamodzi ndi mkazi wake Nadine adalemba kabuku kotchedwa The Bad Trip, komwe kadasanthula ziwerengero za khonsolo chimodzichimodzi. Gululi silidadalire kufuula kokha ayi. Lidaphunzira mapulani, lidafika pamisonkhano, ndipo lidayankha akatswiri m'chiyankhulo chawo chomwe cha manambala.

Mpata woti anthuwa amvedwe udapezeka chifukwa cha ndalama. Pofika 1969 ndalama zomwe zidavomerezedwa zidali zitatsala pang'ono kutha, msewu usanafike ndi theka lomwe. Kuti khonsolo ikongole zina, inkayenera kupempha chilolezo ku bungwe la boma loyang'anira makhonsolo, lotchedwa Ontario Municipal Board. Ntchito idaima, ndipo mu 1970 khonsolo idachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu. Papita zaka zisanu ndi zitatu chivomerezereni msewuwo, ndipo mbali ina idali itamangidwa kale. Ambiri adayankhula motsutsa, koma khonsolo idagamula kuti ntchito ipitirire. Nkhani itafika ku bungwe lija, okana adaimiridwa ndi loya wodziwika J. J. Robinette. Mu February 1971 oweruza awiri mwa atatu adavomereza kuti msewu umangidwe, koma wapampando wa bungwelo, J. A. Kennedy, adatsutsana ndi anzakewo.

Okana adachita apilo ku nduna za boma la Ontario. Nthawi imeneyo William Davis adali atangokhala kumene nduna yaikulu ya chigawocho, mu March 1971. Pa 3 June 1971, Davis adalengeza m'nyumba ya malamulo kuti boma lake silidzathandizanso ntchito ya msewu wa Spadina. Mfundo yake idali yakuti mizinda imamangidwira anthu, osati galimoto, ndipo ngati cholinga n'kutumikira anthu, pamenepa ndi poyenera kuimira. Popanda chilolezo ndi ndalama za boma la chigawo, khonsolo sikadatha kupitiriza. Mu October chaka chomwecho Davis adapambana pa chisankho, ndipo boma lake lidayamba kulipira magawo atatu mwa anayi alionse a ndalama zomangira njanji za mumzinda.

Ku Annex kudali chikondwerero, koma ku North York kudali mkwiyo. Chimngalande chija cha pakati pa Lawrence ndi Eglinton chidakhala chopanda ntchito kwa zaka zingapo, chikumera udzu, ndipo anthu adachipatsa dzina lonyoza lakuti dzenje la Davis. Mabanja amene nyumba zawo zidagwetsedwa sakadabwereranso, pakuti madzi akatayika saoleka. Galimoto zotuluka pa Lawrence zinkadzaza timisewu ta pakati pa nyumba, kuika ana opita kusukulu pangozi. Mayi wina wa ku North York, Esther Shiner, adatsogolera gulu lofuna kuti msewu umalizidwe, ndipo anthu adamsankha kukhala khansala. Potsiriza mbali ziwirizo zidakumana pakati. Chimngalandecho chidathiridwa phula mpaka pa Eglinton, ndipo gawolo lidatsegulidwa mu 1976. Njanji, yomwe idali m'chikonzero kuyambira pachiyambi, idamalizidwa ndi kutsegulidwa mu January 1978. Iyo imayenda pakati pa msewuwo kumpoto, kenaka imalowa pansi pa nthaka ndi kudutsa kunsi kwa makwawa aja mpaka pakati pa mzinda.

Ngakhale zidatero, anthu a kummwera ankaopabe kuti tsiku lina khonsolo idzayambiranso ntchitoyo. Motero mu 1985, atatsala pang'ono kutula pansi udindo, Davis adapereka kachigawo ka malo kopingasa njira ya msewuwo kummwera kwa Eglinton, kotambalala pafupifupi mita imodzi yokha, m'manja mwa mzinda wa Toronto kwa zaka 99. Kamalo kakang'ono kameneka kadakhala ngati mpiringidzo wa chitseko. Misewu ina yomwe idali m'mapulani, monga wa Crosstown ndi wa Scarborough, nayonso siidamangidwe. Mu 1998 North York ndi madera ena adaphatikizidwa ndi Toronto kukhala mzinda umodzi, ndipo mu 2017 njanji ija idatalikitsidwa mpaka ku Vaughan, kunja kwa malire a mzinda.

Mpaka lero anthu a ku Toronto sagwirizana kotheratu pa nkhaniyi. Ena amati chigamulo cha mu 1971 chidapulumutsa mtima wa mzinda, pakuti Annex ikadali dera lokhalamo anthu ndipo makwawa aja akadali ndi mitengo yake. Ena amaloza mdipiti wa galimoto pa mphambano ya Eglinton ndi kunena kuti anthu a kumpoto adamanidwa chimene adalonjezedwa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zoona. Pamene pakuoneka cholakwa chosatsutsika ndi pa ndondomeko imene idatsatidwa. Misonkhano yaikulu yomva maganizo a anthu okhala m'njira ya msewuwo idachitika mu 1970, ntchito itayamba kale. Chifukwa cha kuchedwaku, nyumba zina zidagwa msewu usanatsimikizike, ndalama zidalowa m'chimngalande chomwe chidakhala chogona kwa zaka, ndipo anthu a mzinda umodzi adasanduka adani kwa nthawi yaitali. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Khonsolo ya Metropolitan Toronto idali ndi akatswiri odziwa kuyeza mtunda ndi kuwerenga galimoto, koma idachedwa kufunsa anthu amene nyumba zawo zidali pansi pa mzere wa papepala uja, ndipo msewu wothera pa Eglinton ndiwo umboni wake.