Amene adalemba malamulo a pabwalo: mbiri yochokera ku Mua mpaka ku Zomba

Chaka cha 1902 chidabweretsa zinthu ziwiri zimene zidasintha kaweruzidwe ka milandu m'chigwa cha Bwanje. Mu August, boma la Britain lidakhazikitsa Khoti Lalikulu m'dziko muno, n'kulamula kuti malamulo a ku Mangalande ayambe kugwira ntchito. Lidaloleza makhoti kutsata miyambo ya eni dziko, malinga ngati mwambowo sukuwombana ndi chimene Azungu ankachitcha chilungamo. Chaka chomwecho ansembe a White Fathers adamanga misasa pa Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, nayamba kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku. Kuyambira pamenepo, mlandu umene unkathera pabwalo n'kusungika m'mitu ya ankhoswe udayamba kulowa m'mabuku, ndipo wogwira cholembera adapeza mphamvu imene kale idali ya eni mbumba okha.

Chigwachi chidali ndi milandu yambiri yolemba. Achewa amene ansembe adawapeza ankatsata chikamwini: mwamuna akamanga kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza ndi a malume. Angoni a Kachindamoto, amene adatsikira ku Mtakataka m'zaka za m'ma 1890 atamenyana ndi a Gomani, adabwera ndi ulamuliro wawo. Ansembe nawo adadza ndi lamulo la ukwati wosatha. Mkhristu akafuna kutenga mkazi wake kukakhala naye pafupi ndi mishoni, akuchikazi ankafunsa kuti munda alime ndani. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa sukulu ndi dambwe udakula kwambiri pa Mua, mpaka kufika kwa abwanamkubwa a boma. Zonsezi zidalembedwa m'Chifalansa, ndipo Ian Linden adatsamira kwambiri pa mabuku a ansembewa polemba buku lake la 1974 lofotokoza momwe Achewa adalimbanirana ndi mishoni. Ndi chuma chosowa, komabe wowerenga asaiwale kuti akuona Bwanje ndi maso a wansembe. Mayi amene ankakana kuchoka pamudzi pa make sadalembe mbali yake.

Mapepala a boma adaona tsoka lawo. Mu 1919 moto udanyeketsa likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo zambiri zimene zidalembedwa chiyambire ulamuliro wa atsamunda zidasanduka phulusa. N'chifukwa chake mabuku a m'mamishoni amalemera chonchi kwa wofufuza zaka zoyambirirazo. Mu 1933 boma lidakhazikitsa makhoti a mafumu ovomerezeka, okhala ndi kalaliki ndi kaundula wa milandu. Milandu ya chigololo, kusudzulana, ngongole ndi mbuzi zodya mmera wa eni idayamba kulembedwa pamodzi ndi chindapusa chake. Nyumba yosungira zolemba zakale za boma idatsegulidwa ku Zomba mu 1947.

Munthu amene adawerenga zolemba za nthawi imeneyi mozama ndi Martin Chanock, amene adaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi asadakakhale pulofesa wa zamalamulo ku La Trobe, ku Australia. Buku lake la 1985, Law, Custom and Social Order, lidanena chinthu chovuta kumva. Zambiri zimene timazitcha malamulo a makolo zidaumbika m'nthawi ya atsamunda, pamene ukapolo udatha, ndalama zidalowa m'midzi, ndipo anyamata adayamba kupita ku Joni ndi ku Halale. Akuluakulu aamuna, poona kuti akazi ndi achinyamata akuwapulumuka m'manja, adauza Azungu mwambo wokhwima kuposa umene udalipo, ndipo utalembedwa udauma. Wina akhoza kutsutsana naye Chanock, koma angamutsutse bwanji popanda kubwerera ku mapepala omwewo?

Ufulu utayandikira, ntchito yolemba miyambo idafika m'manja mwa akatswiri a zamalamulo. Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya, amene adaphunzira zamalamulo ku London, adatsogolera kusintha kwa makhoti a m'midzi mu 1962, kumene kudachotsa mafumu pa mpando woweruza. Kenako J.O. Ibik, katswiri wochokera ku Nigeria, adasonkhanitsa malamulo a miyambo ya Achewa, Angoni, Ayao, Atumbuka ndi mitundu ina, pansi pa ntchito imene Pulofesa Antony Allott ankatsogolera ku London. Buku la zaukwati ndi kusudzulana lidatuluka mu 1970, la malo ndi chuma cha masiye mu 1971. Maloya ndi oweruza akhala akuwatsegula mabukuwa kwa zaka zoposa 50 pofuna kudziwa udindo wa nkhoswe kapena kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa.

Dzina la mwambo lidagwiritsidwanso ntchito yowawa. Mu 1969 boma la Dr Kamuzu Banda lidapatsa makhoti a miyambo mphamvu yozenga milandu yakupha, pambuyo pake ndi youkira boma, popanda loya woimira woimbidwa mlandu. Khoti lotere ndi limene mu 1983 lidagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, amene ankaphunzitsa zamalamulo pa Yunivesite ya Zambia, aphedwe. Chilango chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992, Vera adatulutsidwa mu January 1993. Nkhoswe wa ku Golomoti sakadazindikira bwalo lotero ngati la makolo ake, chifukwa pabwalo lenileni munthu saima yekha.

M'zaka zomwezo dziko lidayamba kusula maloya ake. Maphunziro a zamalamulo adayambira ku Mpemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1973 adasamukira ku Chancellor College ku Zomba. M'makalasi amenewo mudatuluka oweruza, maloya ndi aphunzitsi amene ena afika kutali, monga Pulofesa Danwood Chirwa, amene mu 2019 adakhala mkulu wa nthambi ya zamalamulo pa Yunivesite ya Cape Town.

Mmodzi mwa amene adatembenuzira maphunzirowa kwa mayi wa kumudzi ndi malemu Dr Ngeyi Ruth Kanyongolo. Adaphunzira ku Chancellor College, napitiriza ku London ndi ku Warwick, kumene kafukufuku wake wa udokotala adafunsa momwe malamulo amatetezera amayi a m'Malawi pa umphawi, matenda ndi ukalamba, poona kuti ambiri mwa iwo salembedwa ntchito ndipo amadalira chibale. Adaphunzitsa zaka zambiri ku Zomba, adakhala mkulu wa nthambi ya zamalamulo, ndipo pomwalira mu October 2024 adali akutsogolera Yunivesite ya Katolika ku Nguludi. M'badwo wake wa aphunzitsi ndi omenyera ufulu wa amayi udaona malamulo akusintha: la chuma cha masiye mu 2011, limene limaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye, la maukwati mu 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kumene kudatseka mpata wokwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18.

Ku Mtakataka malamulo amenewa adapeza mwini. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adagwira ntchito ya ulembi zaka 27 pa sukulu ya zaubusa ku Zomba asadalowe ufumu, ankadziwa kulemera kwa pepala. Adasainitsa mafumu ake pangano lothetsa maukwati a ana, adaimitsa amene adaliphwanya, ndipo pofika 2016 adali atathetsa maukwati oposa 800. Apa mwambo udalembedwa ndi mwini wake, mayi wa m'chigwa momwemo, poteteza ana. Iyenso adatisiya mu 2025.

Anthu awiriwa apita motsatana, ndipo funso la mapepala awo ndi la tonsefe. M'mayiko ena pulofesa akapuma kapena kumwalira, makalata ake, zolemba za m'kalasi ndi malangizo amene adapereka ku boma zimasanjidwa m'mabokosi n'kuperekedwa ku laibulale, kuti wophunzira wa mawa aone momwe lamulo lidabadwira ndi amene adalitsutsa. Ifenso tiyenera kutero, ndipo tisalekere pa mapulofesa. Makope a milandu a kwa gulupu, mapangano a mafumu, ndi kaundula wa minda ya mpunga ya pa sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, ndiwo adzaweruze mikangano ya malo ya adzukulu athu. Chiswe ndi denga lodontha sizidikira.

Malo osungira alipo. Ku Zomba kuli National Archives ndi laibulale ya yunivesite, ndipo pa Mua pali Kungoni, imene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 posunga chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Chofunika n'chakuti mabanja, mafumu ndi sukulu za zamalamulo agwirizane: asonkhanitse zolembazo, azijambule pa kompyuta, atchinjirize mayina a ana ndi a anthu wamba, ndipo makope ena atsale m'dera momwe milanduyo idakambidwira, kuti mwana wa ku Bwanje asamapite kutali pofuna kudziwa malamulo a kwawo.